Tikamati "Atibera," Timatanthauza Chiyani?

Sabata ino tiwerenga za mpira ndi za mipikisano ya pa kanema. Amene simukonda mpira musatope msanga, chifukwa nkhani yake ikupezani pakhomo tisanafike patali.

Pa 18 Januwale 2022 timu yathu ya Flames inasewera ndi Senegal mumzinda wa Bafoussam ku Cameroon, pa mpikisano wa chikho cha Africa. Tinali titagonja 1-0 kwa Guinea, kenako n'kugonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Senegal inabwera ndi Sadio Mané ndi anzake osewera m'matimu akuluakulu a ku Ulaya, ndipo ambiri ankayembekezera kuti atimwetsa zigoli zambirimbiri. Sizinatero. Patatsala mphindi pafupifupi 15, zigoli zili 0-0, Gomezgani Chirwa anathamangira m'bokosi akulimbana ndi Bouna Sarr, ndipo anagwa. Woyimbira mpira, Blaise Yuven Ngwa wa ku Cameroon, analoza penate. Amene munaonera m'mavidiyo sho a ku Chikanda, ku Matawale kapena ku Chinamwali mukukumbukira phokoso lake. Kenako woyimbira uja anapita kukaonanso pa kanema wa VAR m'mbali mwa bwalo, ndipo atabwerako anati penate palibe. Masewero anatha 0-0.

Tikanachinya penateyo n'kupambana, tikanakhala pamwamba pa gulu lathu ndi mapoyinti 6, ndipo sitikanakumana ndi Morocco mu ndime yotsatira. Senegal yomweyo ndi imene inakatenga chikho pa 6 Febuluwale. N'chifukwa chake mpaka lero, nkhaniyi ikayambika mu minibasi kapena pa bawo, mawu amene amatuluka msanga ndi amodzi: anatibera.

Tiyeni tiwayang'ane bwino mawu amenewa. Timawagwiritsa ntchito kawirikawiri, pa mpira, pa mayeso, pa maliro pogawa nyama, moti sitimaimanso kuti tifunse zimene zili m'kati mwake. Tikawatsegula timapezamo zinthu zosiyana zimene tazimanga mtolo umodzi, ndipo chilichonse chimafuna yankho lake.

Kuba kwenikweni kulipo, tisadzinamize. Mu Novembala 2016, ku Polokwane, South Africa inagonjetsa Senegal 2-1 pa masewero opitira ku chikho cha dziko lonse. Woyimbira wa ku Ghana, Joseph Lamptey, anapereka penate ponena kuti Kalidou Koulibaly wagwira mpira ndi dzanja, pamene aliyense woona kanema anaona kuti mpira unamugunda bondo. Bungwe la FIFA linafufuza, linaona mmene ndalama za kubetcha zinayendera pa masewerowo, ndipo mu 2017 linamuletsa Lamptey kuyimbiranso mpira moyo wake wonse. Masewero anabwerezedwa mu Novembala 2017 ndipo Senegal inapambana 2-0. Taonani kuti oberedwa tsiku limenelo anali a Senegal omwe aja. Apa mawu oti "atibera" ndi oyenera, chifukwa panali umboni, panali kufufuza, ndipo panali chigamulo.

Koma masiku ochepa chabe penate yathu isanabwezedwe, pa 12 Januwale 2022, panachitika china ku Limbe, wa ku Cameroon osati wathu wa ku Blantyre. Janny Sikazwe wa ku Zambia, woyimbira wodziwika amene anayimbira fainolo ya chikho cha Africa mu 2017 ndi masewero a chikho cha dziko lonse mu 2018, anaimba wezulo yotsiriza pa mphindi 85 pa masewero a Tunisia ndi Mali. Atamuuza kuti nthawi sinakwane anapitiriza, koma anathetsanso masewero mphindi 90 zisanakwane bwinobwino. Tunisia inagonja 1-0 ndipo inakwiya kwambiri. Dziko lonse linamuseka, ndipo ambiri anathamangira kunena kuti wadya ndalama. Pambuyo pake zinamveka kuti munthuyo anadwala chifukwa cha kutentha kwa dzuwa, mutu unasokonezeka, ndipo anapita naye kuchipatala. Tunisia inalakwiridwa, zimenezo n'zoona. Koma kodi inaberedwa? Munthu wodwala amene walakwitsa ndi munthu wolandira chiphuphu tingawaike pa mphasa imodzi?

Palinso chachitatu, chimene chimapweteka mwina kuposa zonse. Pa 2 Julaye 2010 ku Johannesburg, Ghana inatsala pang'ono kukhala dziko loyamba la mu Africa kufika mu semifainolo ya chikho cha dziko lonse. Pa mphindi yomaliza ya nthawi yowonjezera, zigoli zili 1-1, Luis Suárez wa Uruguay anatchinga ndi manja mpira umene unali kulowa mu golo. Woyimbira anachita zonse zimene lamulo limanena: kadi yofiira kwa Suárez, penate kwa Ghana. Asamoah Gyan anamenya chitsulo cha pamwamba, ndipo Ghana inagonja pa mapenate. Woyimbira sanalakwitse, sanakondere, ndipo lamulo linatsatidwa lonse. Komabe Africa yonse inagona ndi mtima wowawa, chifukwa wolakwa ndiye anapindula. Izi zikutiphunzitsa kuti kutsata lamulo ndi kufika pa chilungamo chenicheni si nthawi zonse pamene zimakumana. Malamulo analembedwa ndi anthu, ndipo amasiya mipata.

Nanga penate ya ku Bafoussam ili m'gulu liti? Ife tikuona kuti kudandaula kwa Amalawi kuli ndi maziko. Lamulo la VAR limati chigamulo cha woyimbira chisinthidwe pokhapokha ngati kulakwitsa kwake kuli koonekeratu, kosachita kufunsa. Pa nkhani ya Chirwa, anthu oonera kanema yemweyo amatsutsanabe mpaka pano ngati kukhudzana kuja kunali kokwanira kumugwetsa. Ngati chinthu n'chotsutsana chonchi, n'kovuta kunena kuti chigamulo choyamba chinali cholakwika moonekeratu. Mpaka pamenepo tili pa njira yabwino: taona, taganiza, ndipo tanena maganizo athu. Koma pali phazi limodzi limene timaponda mosazindikira, kuchoka pa "anagamula molakwika" kupita pa "anamugula." Mawu oyambawo akunena za chigamulo, ndipo tili ndi ufulu wowanena. Achiwiriwo akunena za mtima wa munthu amene ali ndi dzina, banja ndi ntchito, ndipo palibe mmodzi wa ife amene ali ndi umboni wake. Kukhala kutali kwa munthuyo, kapena kuti sadzamva zimene tikunena pa khonde lathu, sikusintha dzina la chimene tikuchita. Ndi miseche basi, ngakhale itavala jezi ya Flames.

Tsopano tiyeni tiwerengere mwayi, chifukwa pa nkhani ya mwayi timakhala ndi kaundula wa mbali imodzi. Tsoka lathu timalilemba ndi inki, mwayi wathu timaulemba pa mchenga. Ndi mapoyinti 4 aja tinatsiriza pa nambala 3 m'gulu lathu, koma tinapitabe mu ndime ya matimu 16 kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko lathu. Zinatheka chifukwa kuyambira 2019 mpikisanowu uli ndi matimu 24, ndipo matimu anayi a pa nambala 3 amapitirira. Mu 2010 ku Angola, pamene tinagonjetsa Algeria 3-0, matimu anali 16 okha ndipo khomo limeneli kunalibe. Anyamata athu anagwira ntchito, palibe akukana, koma khomo limene analowera sanalipange ndi iwo. Komanso timalankhula za penate ija ngati kuti inali chigoli kale. Gyan angatiuze kuti penate si chigoli. Mané yemweyo anaphonya penate kumayambiriro kwa fainolo ndi Egypt, goloboyi ataigwira njira. Ndipo anzathu a ku Zimbabwe ali ndi dandaulo lawo: chigoli chokhacho chimene Senegal inachinya m'masewero atatu a m'gulu chinali cha penate pa mphindi 97, ndipo anamwetsedwa ndi iwo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kodi tsiku limenelo alipo pakati pathu amene anawamvera chisoni a Zimbabwe?

Funso limeneli ndi limene likutifikitsa ku mipikisano ya pa kanema, chifukwa kumeneko wezulo ili m'manja mwathu.

Akuluakulu mukukumbukira Big Brother Africa. Mu 2003, pamene Zein Dudha anatiimirira, aphungu a Nyumba ya Malamulo analamula kuti pulogalamuyo isaonetsedwenso pa TVM ponena kuti ikuwononga chikhalidwe, ndipo khoti lalikulu linachotsa chiletsocho. Ubwino kapena kuipa kwa pulogalamuyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene tikufuna pano ndi mavoti. Mu 2008 Hazel Warren anafika mpaka tsiku lomaliza. Dongosolo lake linali lakuti dziko lililonse limawerengedwa ngati voti imodzi, ndipo mayiko a Hazel anafanana chiwerengero ndi a Ricco wa ku Angola. Anachita kuwerengera maperesenti kuti apeze wopambana, ndipo madola 100,000 anapita ku Angola. Kuno ambiri anati atibera. Patapita zaka ziwiri, mu 2010, Munya Chidzonga wa ku Zimbabwe anagonja kwa Uti Nwachukwu wa ku Nigeria ndi mavoti 8 kwa 7. Ku Zimbabwe mkwiyo unakula moti anthu a bizinesi anasonkha ndalama, ndipo Pulezidenti Robert Mugabe anapereka kwa Munya madola 300,000, kuposa madola 200,000 amene wopambana analandira.

Tiyeni tifunse modekha. Amalawi amene anavotera Hazel anamuvotera chifukwa chiyani? Ena ankamukondadi chifukwa cha khalidwe lake lofatsa. Koma ambiri, ngakhale amene analibe dishi ndipo sanaonepo pulogalamuyo, anavota chifukwa ndi Mmalawi. A ku Angola anachita chimodzimodzi, a ku Nigeria chimodzimodzi. Ngati tonse tinasewera masewero a "wakwathu," ndipo anzathu anatiposa pa masewero omwewo, tinaberedwa chiyani?

Pa mipikisano ya kuimba nkhaniyi imaonekera bwino. Kuno kwathu takhala nayo, monga E-Wallet ndi Sunbird Search for a Star, ndipo makwaya ndi magulu ovina amapikisana pafupifupi chaka chilichonse. Pamene wopambana amasankhidwa ndi ma SMS olipira, ndipo munthu mmodzi akhoza kuvota kambirimbiri malinga ndi mayunitsi ake, chimene chikuyezedwa si mawu a woimba okha. Akuyezanso kukula kwa mpingo wake, kuchuluka kwa abale ake m'tauni, ndi kulemera kwa amalume ake. Mtsikana wa ku Chingale wa mawu okoma, amene abale ake amachita kubwereka foni, amayamba mpikisano ali kale m'mbuyo. Ku Russia mu 2019, pa mpikisano wa ana wa The Voice Kids, mwana wa banja lolemera ndi lotchuka anapambana ndi mavoti ochuluka modabwitsa. Atafufuza anapeza kuti mavoti ambiri anatumizidwa ndi makina, ndipo zotsatirazo zinathetsedwa. Tonse tingavomereze kuti kumeneko n'kuba. Koma tasiyanitsani bwino: munthu wogula makina ovota ndi munthu wogula mayunitsi a K20,000 n'kugawira achibale kuti avotere mwana wake usiku wonse, akusiyana pa lamulo, chifukwa wachiwiriyo sanaswe lamulo lililonse. Kodi pa cholinga akusiyana motani?

Wina anena kuti tikuuma mtima. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo munthu wosaima ndi wakwawo ndi munthu wotani? Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitikufuna kuwataya. Kukonda kwanu si tchimo. Mayi amene akuimba nthungululu mwana wake akuimba mosalongosoka pa siteji akuchita chinthu chokongola, ndipo mwana wopanda womuchemerera ndi womvetsa chisoni. Vuto limabwera pamene tasakaniza ntchito ziwiri, ya wochemerera ndi ya woweruza. Wochemerera amafunsa kuti wanga ndi uti. Woweruza amafunsa kuti waimba bwino ndi uti. Mayi uja tikamupatsa pepala la ma jaji, tamusenzetsa ntchito ina, ndipo chikondi chomwe chija chimene chinali chokongola pa benchi chimasanduka kukondera pa tebulo. Okonza mipikisano amadziwa zimenezi, ndipo kusakaniza kumeneku ndi kumene kumawabweretsera ndalama: amalengeza kuti tikusankha waluso, koma amatolera mayunitsi a chikondi cha pachibale. Tikadziwa zimenezi, tikhoza kuvotera wakwathu ndi mtima woyera, bola tisanamizire kuti taweruza luso, ndipo tisalire kuti atibera akapambana wa abale ambiri.

Apa ndi pamene amene simukonda mpira nkhani yakupezani. Pafupifupi aliyense wa ife amagwirapo wezulo penapake. Wina ndi mphunzitsi amene amachonga mayeso a mwana wa mlongo wake pamodzi ndi a ana ena 80. Wina ali mu komiti yolemba mayina a olandira feteleza wotsika mtengo kapena chimanga cha chithandizo. Wina amasunga buku la banki mkhonde ndipo amadziwa amene wachedwa kubweza. Wina amafunsidwa ndi abwana kuti apeze mnyamata wa ganyu. Wina ndi nkhoswe, ndipo banja limene lakangana ndi la mphwake. Pa malo onsewa anthu akutiyang'ana monga mmene ife tinamuyang'anira Ngwa akupita ku kanema uja, mtima uli m'mwamba, kudikira ngati tinene zimene taona kapena zimene zikomere akwathu. Sitingafune woyimbira wosakondera ku Bafoussam pamene ife tikulemba mayina a pachibale ku Mpondabwino. Chilungamo chimene timachifuna pokhapokha chikatikomera ndi njala ya kupambana chabe, imene yabwereka dzina la chilungamo.

Pali mbali ina yovuta kwambiri, ndipo tikufuna tikhalepo nthawi. Kodi munthu amene wapindula ndi kulakwitsa kwa wina, iye osalakwa chilichonse, ali ndi ngongole yanji?

Mu Meyi 2009, pa mpikisano wa Idols ku South Africa, analengeza kuti wapambana ndi Sasha-Lee Davids. Patapita masiku ochepa kampani ya M-Net inavomera kuti makina anachedwetsa ma SMS ambiri amene anatumizidwa nthawi yake isanathe, ndipo atawerenga onse anapeza kuti Jason Hartman anamuposa ndi mavoti pafupifupi 200,000. Mtsikanayo sanabe kanthu. Anaimba, anamuitana dzina, analira ndi chimwemwe pamaso pa dziko lonse. Mapeto ake onse awiri anatchedwa opambana. Ena amati kumeneko kunali kuthawa chigamulo, koma ife tikuona kuti kampaniyo inachita chinthu chimene mabungwe ambiri amachiopa: inaulula yokha kulakwitsa kwake pamene ikanatha kukhala chete, ndipo inayesetsa kuti wosalakwa asalangidwe chifukwa cha makina.

Pa mpira, woti aulule kawirikawiri ndi wosewera mwini. Mu 1986 Diego Maradona anachinya ndi dzanja pa masewero ndi England, woyimbira wa ku Tunisia sanaone, ndipo Argentina inakatenga chikho. Mu Novembala 2009 Thierry Henry anaugwira mpira ndi dzanja asanapatsire mnzake amene anachinya, France inapita ku South Africa, Ireland inatsala. Henry anavomera masewero atatha, nthawi imene kuvomerako sikukanasintha kanthu. Koma mu Sepitembala 2012 ku Italy, Miroslav Klose wa timu ya Lazio anachinya ndi dzanja kumayambiriro kwa masewero ndi Napoli, woyimbira analoza pakati, ndipo Klose anamuuza kuti mpira unagunda dzanja. Chigoli chinakanidwa. Lazio inagonja 3-0 tsiku limenelo.

Titati tifunse pano kuti wachita bwino ndani, tonse tinena kuti Klose. Koma tisayankhe mofulumira chonchi, chifukwa otsutsa ali ndi mfundo zolemera. Amati kuona zolakwa ndi ntchito ya woyimbira, ndipo wosewera amene akudziweruza yekha akulanda ntchito ya wina. Amati lero woyimbira walakwitsa mokukomera, mawa alakwitsa mokupweteka, ndipo ukabweza mwayi wa lero tsoka la mawa silidzakubwezera. Amatinso chigoli si cha munthu mmodzi: pali anzako khumi amene atuluka thukuta, pali ochemerera amene alipira pa geti. Ndipo tiwonjezere ife: Klose anali munthu wolemera. Mnyamata wosewera mu ligi ya m'chigawo, amene bonasi ya kupambana ndiyo igule ufa kunyumba sabata imeneyo, tikamuuza kuti akane chigoli chake, tikumupempha chinthu chodula kuposa chimene Klose anapereka. N'kosavuta kulalikira kuona mtima pamene mtengo wake alipire ndi wina.

Komabe mfundo zimenezi zikatha, chinthu chimodzi chimatsala chili chiimire. Wosewerayo akudziwa. Woyimbira sakudziwa, ochemerera akukayika, koma iye akudziwa kumene mpira unagunda. Akathamangira ku kona manja ali m'mwamba, akunena ndi thupi lake lonse chinthu chimene akudziwa kuti si choona. Mfundo yoti mwayi ndi tsoka zimalipirana ikhoza kukhala yoona kwa timu yake pa chaka chonse, koma kwa Ireland sinali yoona, chifukwa masewero amene aja sanabwerenso. Mwina tingavomerezane pa malire awa: munthu sangathe kukonza kulakwitsa kulikonse kwa woyimbira, ndipo nthawi zambiri iye mwini sadziwa bwino chimene chachitika mu liwiro la masewero, koma kudzigwetsa dala, kunamizira kuvulala, kukana pamene wafunsidwa maso ndi maso, zimenezo si mwayi. Mwayi umakupeza wekha. Chimene wachita kupanga ndi manja ako ndi chinyengo. Ndipo ife oonera tili ndi gawo lathu, pakuti wosewera wodzigwetsa amachita zimenezo podziwa kuti tikamuimbira m'manja n'kumutcha wochenjera. Ana amene akhala pansi kutsogolo kwa kanema amamva mawu amenewo, ndipo amawasunga.

Nanga woluza mosayenera achite chiyani? Malamulo a mpira amanena kuti chigamulo cha woyimbira pa zochitika m'bwalo n'chomaliza, ndipo akhoza kuchisintha pokhapokha masewero asanayambirenso. Poyamba zimamveka ngati nkhanza: bwanji kumvera chigamulo chimene tikuona kuti n'cholakwika? Koma taganizirani masewero amene aliyense amamvera woyimbira pokhapokha akagwirizana naye. Sangathe mphindi khumi. Timamvera wezulo podziwa kuti woyimbira ndi munthu wolakwitsa, chifukwa popanda womvera wina aliyense palibe masewero, pali ndewu. Tonse taonapo kapena kumva za oyimbira a m'mabwalo a m'madera akuthamangitsidwa ndi miyala, ena mpaka kuvulazidwa, chifukwa cha penate ya chikho cha mbuzi. Mapeto ake anthu ofatsa ndi oona mtima amakana kugwira wezulo, ndipo imatsala m'manja mwa amene saopa chilichonse, kapena amene amayimba moopa khamu. Pamenepo chilungamo chimene timati tikumenyera tachithamangitsa tokha.

Kumvera sikutanthauza kukhala chete. Senegal inamaliza masewero a ku Polokwane, inadandaula m'njira yake, ndipo patapita chaka choonadi chinaoneka. Mavoti a Idols anawerengedwanso chifukwa anthu anafunsa mafunso. Ngakhale malamulo amasintha chifukwa cha madandaulo oyenda m'njira yoyenera: chigoli cha Frank Lampard chimene chinakanidwa mu 2010 ku Bloemfontein, mpira utadutsa mzere poyera, chinathandiza kuti pabwere makina oona ngati mpira walowa, ndipo pofika 2018 VAR inalowa m'malamulo. Koma Bafoussam yatisonyeza kuti makina sachotsa munthu. Kanema amaonetsa chithunzi, woweruza amakhalabe munthu wa maso awiri ndi mtima umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko makina sangatipatse.

Tinenepo pang'ono za kulemera kumene timaika pa zotsatira. Jennifer Hudson anatuluka pa nambala 7 mu American Idol mu 2004, ndipo mu 2007 analandira mphoto ya Oscar. Mavoti aja sanachepetse mawu ake, ndipo Oscar sinawawonjezere. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé tinagonja 2-1 kwa Morocco, koma chimene Africa imakumbukira pa masewerowo ndi chigoli chimene Gabadinho anachinya ali kutali kwambiri ndi golo, pa mphindi 7. Chigolicho chinafika pa zitatu zomaliza pa mphoto ya CAF ya chigoli chabwino cha chaka, ndipo mphotoyo inapita kwa Pape Ousmane Sakho. Kwawo kwa Sakho ndi ku Senegal. Amene akufuna kunenanso kuti atibera, aone kaye chigoli cha Sakho, kenako anene.

Tisanatseke, nayi nkhani yoti tikambirane, ndipo si ya ku Cameroon. Ambiri a ife timacheza ndi achinyamata achisodzera m'madera mwathu, ndipo nthawi zambiri kucheza kumathera pa mpira. Pa bwalo lathu golo ndi miyala iwiri, palibe chitsulo cha pamwamba, palibe neti, palibe kanema wobwereza. Tiyerekeze kuti zigoli zili 1-1, dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, ndipo mpira wadutsa pamwamba penipeni pa mwala. Timu ina ikukuwa kuti chalowa, ina ikuti chapita kunja. Inu ndinu woyimbira ndipo munali kutali, simunaone. Amene waona bwino ndi mmodzi yekha, goloboyi wa zaka 12, ndipo ndi mwana wa mchemwali wanu. Anzake a timu yake amuzungulira ndipo akumuyang'ana. Mumufunsa, kapena mugamula nokha kuti musamusenzetse katundu ameneyu? Mukamufunsa n'kunena kuti sichinalowe, a timu inayo akhulupirira inu ndi iye? Akanena kuti chalowa, anzake akamutani pobwerera kunyumba, ndipo inu mudzakhala mutawakonzekeretsa motani kuyambira kale kuti amulandire? Aliyense ayambe waganiza payekha mphindi zochepa, kenako timve maganizo a onse, kuyambira amene sanalankhulepo lero.